15 Januwale: Chilembwe, King ndi R600 ya mnyamata wa ku Mulanje

Yandidzutsa ndi foni, 4 koloko isanakwane. Gulu la akumudzi pa WhatsApp linali litayamba kale phokoso: chithunzi cha John Chilembwe ali mu suti, mbendera, mafuno abwino a holide. Kumudzi lero anthu apuma. Kuno ku Joni palibe akudziwa zimenezo, mataxi a ku Turffontein akuliza hutala ngati masiku onse. Pansi pa mauthengawo panali nambala ina yomwe yandiimbira kawiri dzulo, ine osayankha. Ndaitembenuza foniyo chafufumimba n'kupita kukasamba.

Mayi a kunyumba andipatsa tiyi, kenako mawu: "Bambo a mwana, nsapato za sukulu zija musaiwale." Januwale ndi mwezi wouma ngakhale mvula ikugwa tsiku ndi tsiku.

Ntchito ya sabata ino ndi yopenta nyumba ina mu kompuleksi ya ku Randburg, ine ndi anyamata awiri. Za m'mawa palibe chokamba: kupala khoma, kutseka ming'alu, penti woyamba. Chosangalatsa pamalopa ndi mlonda wa pageti, bambo wachikulire wa ku Chiradzulu amene timangowatchula kuti amalume. Anaphunzitsapo sukulu kumudzi zaka zambiri, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke m'kamwa. Masana tinakhala nawo m'kanyumba kawo ka pageti tikudya buledi ndi mazira owiritsa. Anatulutsa m'chikwama K2000 yopindika kanayi, yothimbirira m'makona, n'kuiyala pabondo.

"Mphwanga, uyu umamudziwa. Nanga wina wa tsiku lomweli?"

Ndinati sindikumudziwa. Akuti Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, anabadwa pa 15 Januwale 1929 ku Atlanta, ndipo iwo chaka chilichonse amawakumbukira pamodzi awiriwa: onse abusa a Baptist, onse anafa ndi chipolopolo. Chilembwe mpaka anakaphunzira ku America komweko, ku Lynchburg m'dera la Virginia, asanabwerere kudzatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900.

Tili pomwepo galimoto yotola zinyalala inaima pageti. Amuna awiri atavala maovolosi anadumpha kumbuyo, n'kuyamba kukoka mabini akuthamanga. Fungo linatipeza tisanameze. Amalume analoza ndi chala: "Anthu awa ndi amene King anafera." Ine ndimadziwa za mawu ake aja a "ndili ndi maloto" omwe analankhula ku Washington mu 1963 basi, ngati wina aliyense. Za ku Memphis, mzinda wina wa ku America, ndazimva lero. Pa 1 February 1968 kunagwa mvula, ndipo otola zinyalala awiri, Echol Cole ndi Robert Walker, anabisala kumbuyo kwa galimoto yawo, momwe mumalowa zinyalalamo. Makina opsinja zinyalala anayamba okha kugwira ntchito n'kuwaphwanya. Pa 12 February anzawo pafupifupi 1,300 ananyanyala ntchito, atanyamula zikwangwani zonena kuti "Ndine munthu". Amalume akuti mawuwo tiwamvetse bwino: kumeneko bambo waimvi ankatchedwa boyi, monga momwe azigogo athu ankatchedwera pa maesiteti a ku Thyolo. King anapita kukaima nawo pa nkhani ya malipiro ndi ulemu pantchito, ndipo pa 4 April anamuwombera ali pakhonde la Lorraine Motel, ali ndi zaka 39.

Atafika pa Chilembwe mawu awo anakwera, mpaka mayi wina wodutsa ndi galu anacheuka. Anakamba za thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, komwe munthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lake, miyezi n'kumatalikitsidwa mmene kapitawo wafunira. Za matchalitchi a udzu omwe ankawotchedwa. Za kalata yomwe Chilembwe analembera Nyasaland Times kufunsa chifukwa chomwe osauka akufera pa nkhondo ya azungu. Kuukira kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo pa 3 February anamupha ku Mulanje akulowera ku Mozambique. Ndinawafunsa kuti nanga sizikusiyana, poti wina anagwira mkondo, wina anakana ngakhale kubweza khofi? Anati zikusiyana kwambiri, ndipo iwo pa zimenezo ali mbali ya King, koma chilonda chomwe onse awiri ankaloza ndi chimodzi: munthu wagwira ntchito, wina wadya.

Apa dzira linandiima pakhosi. Nambala ija ndi ya mnyamata wa ku Mulanje amene ndinamutenga pa ganyu mu December, masiku atatu, R200 pa tsiku. Ndinamuuza kuti mwini nyumba sanandilipire, ndipo nthawi imeneyo zinali zoona. Koma theka la ndalamazo linalowa Lachisanu lapitali. Ndinagula tayala la bakkie, kagalimoto kanga ka ntchito, yunifolomu ya mwana, magetsi. Mnyamatayo ndinamuika kumapeto kwa mzere chifukwa ndikudziwa kuti alibe kopita: mapepala ake anatha, sangakadandaule kulikonse, ndipo ndife a kumudzi kumodzi, sangandichititse manyazi. Ife Amalawi timadziwa kulira za mabwana a kuno, kuti amatidyera masuku pamutu, ndipo timanena zoona. Koma ukapeza kakontilakiti kako, kabakkie kako, anyamata awiri okuitana kuti bwana, mwezi sutha usanaphunzire chizolowezi chomwecho. M'mawa ndinali m'gulu la oyamba kuika chithunzi cha Chilembwe pa status.

Amalume sindinawauze. Iwo anapitiriza za Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, komanso zoti King ndi Albert Luthuli, yemwe anali mtsogoleri wa chipani cha ANC, anasainira limodzi pempho lolimbana ndi tsankho la kuno mu 1962. Ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali kwina.

Cha m'ma 3 koloko kumwamba kunada bii, mabingu n'kuyamba, ija mvula ya ku Joni yosachenjeza. Penti wakunja anathera pomwepo. Tikutuluka ndinaona bambo wina wa aja okoka ngolo za mabotolo ndi makatoni atalowa theka la thupi m'thumba lake lalikulu, miyendo yokha ili panja, madzi akuyenda pansi pa nsapato zake. Pena paliponse ndikanangodutsa. Lero ndinayang'ana mpaka roboti inasintha, wakumbuyo n'kundiimbira hutala.

Ndinatsitsa anyamata, n'kuima pa ATM. Munali R470. Ndinatapa R400. Pamsewu pomwe amaimirira anyamata a ganyu ndi timakatoni tawo tolembapo ntchito zomwe amadziwa panalibe munthu, mvula inawabalalitsa. Ndinakamupeza ku Rosettenville, kuchipinda cha kuseri kwa nyumba komwe amagona anayi. Anali atakhala pa matiresi akusoka nsapato ndi waya, pa sitovu pali kampoto ka madzi opanda choikamo. Atandiona anaimirira msanga, n'kupukuta manja pa buluku.

"Bwana, mwabwera."

"Usamati bwana. Ndine mkulu wako."

"Chabwino achimwene bwana."

Tonse tinaseka, koma kuseka kwanga kunali kwa pakamwa pokha. Ndinamupatsa ndalamazo, ndipo anawerenga pamaso panga, pang'onopang'ono, kawiri, akunyowetsa chala. Sanakwiye, sanathokoze mopitirira. Anangoti mayi ake akhala akufunsa za feteleza wobereketsa, chimanga chayamba kuchita chikasu, ndipo mawa m'mawa atumiza. Ndinamuuza zoona, kuti ndalama zinabwera Lachisanu ndipo ndinayamba ndathana ndi zanga. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti ankadziwa, mmodzi wa anyamata anga anamuuza. Kenako anatenga pensulo ya ukalipentala kuseri kwa khutu n'kulemba pakhoma, pafupi ndi switchi, pansi pa manambala ena a anthu ena: R200, Loweruka. Dzina langa analilemba lonse.

Ndafika kunyumba 8 koloko itadutsa, zovala zili chonyowa. Pa gulu paja akukanganabe ngati nkhope ya pa ndalama ikufanana ndi ya pa chithunzi chenicheni. Mayi a kunyumba anditengera madzi osamba, ndipo poika nsima patebulo afunsa za nsapato. Ndawauza kuti mwana ayambe wavala zakale mpaka sabata ya mawa, n'kuwafotokozera komwe ndalama zapita. Sanayankhe. Atenga nsapato zakalezo pansi pa bedi, ndipo pano ndikulemba ali pakhomo akuzipaka polishi, kutsogolo komwe chala chinaboola akuikako kachigamba ka chubu.