Kegi yachiwiri sinali ndi mlandu

Dzulo madzulo ndinatunga kapu yoyamba ya mowa wa pale ale umene ndinafulula ndekha, womwe wakhala mu kegi yachiwiri (chimodzi mwa zitini zanga zitatu zachitsulo zosungiramo mowa) kwa milungu inayi yathunthu. Ndinayamba ndainunkhiza, mtima uli m'mwamba. Fungo linali la hops lokhalokha, maluwa aja opatsa mowa fungo ndi kakuwawa. Ndinamwa pang'ono n'kukhala chete, kudikira kakuwawasa kaja kamene kamabwera mochedwa m'mbali mwa lilime. Sikanabwere. Lero ndalawanso, mowa udakali mbee, wokoma monga unalowera. Ndiye ndati ndilembe zonse zidakali m'mutu, chifukwa vuto limeneli landitayitsa makegi atatu odzaza, malita 57 a mowa, osawerengera masiku amene ndakhala ndikugwada pansi ndi sipanala m'manja.

Ulendo uliwonse nkhani inali imodzimodzi. Mowa unkachoka mu fermenter, chotengera chowiriramo mowa, uli bwinobwino, gravity (muyeso wa shuga wotsala) itatsika n'kukhazikika pomwe ndinkayembekezera. Mlungu woyamba mu kegi, palibe chodandaula. Wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachitatu unkayamba kuchita mbuu, kenako kafungo ka batala, kenako kuwawasa kosalala, kopanda ukali wa viniga. Zimenezi zinkandiuza kanthu. Mabakiteriya a Acetobacter, amene amapanga viniga, amafuna okosijeni, ndipo mu kegi yodzaza gasi wa CO2 sangachite zambiri. Koma asidi wosalala pamodzi ndi diacetyl, gwero la kafungo ka batala kaja, m'malo ozizira komanso mopanda mpweya, ndi ntchito ya mabakiteriya a lactic, makamaka Pediococcus. Ameneyu hops samuopsa kwenikweni, ndipo amagwira ntchito pang'onopang'ono, n'chifukwa chake milungu iwiri yoyamba imakunamiza kuti zonse zili bwino.

Poyamba ndinaloza chala yisiti, chifukwa ndinali nditaigwiritsanso ntchito kachitatu. Ndinaitaya. Ulendo wotsatira ndinafulula malita 38 ndi yisiti yatsopano, n'kugawa mowa womwewo, tsiku lomwelo, kudzera m'paipi yomweyo, m'makegi awiri. Wa mu kegi yoyamba tinamwa mpaka dontho lomaliza. Wa mu yachiwiri unasasa. Pamenepo yisiti ndi fermenter zinatuluka m'mlandu, inatsala kegi.

Ndinene chilungamo pa katsukidwe kanga ka nthawi imeneyo. Kegi ikatha, ndinkatulutsa gasi, kutsegula chivindikiro, kukhuthula nsenga za pansi, kuthira madzi ofunda, kukhutchumula, kenako mankhwala opha tizilombo a Star San, basi. Ma post, timilomo tiwiri ta pamwamba pa kegi, polowera gasi ndi potulukira mowa, sindinkawamasula. Ndinkadalira kuti mankhwala akadutsamo ndiye kuti mwayera. Apa m'pamene ambirife timasokoneza ntchito ziwiri zosiyana. Kutsuka n'kuchotsa litsiro: mapuloteni, yisiti youma, utomoni wa hops. Kupha tizilombo kumabwera pambuyo pake, ndipo kumatheka pokhapokha pamalo pamene payera kale. Star San ndi asidi wa phosphoric, amapha chimene wachikhudza. Mabakiteriya akamanga ulenda wawo pansi pa litsiro louma, mankhwalawo amangonyowetsa pamwamba n'kudutsa.

Choncho Loweruka lina kegiyo ndinaiphwasula yonse. Post ya mowa inali itagwira zolimba moti ndinachita kugoneka kegi pansi, kuipana ndi mawondo, n'kukoka sipanala yaitali ya soketi ya 7/8 ndi manja awiri. Itamasuka, poppet, kavalavu ka mkati mwa post, inagwera m'dzanja langa, ndipo m'kasipuling'i kake munali titakulungana tinyenyeswa tobiriwira ta hops, tina titada kale. Kenako ndinasolola dip tube yaitali, chubu chokweza mowa kuchokera pansi pa kegi, n'kuiloza kubabu, diso limodzi nditatsinzina. Chubu choyera chimawala mkati ngati galasi, kuwala kumapanga mizere yozungulira mpaka kumapeto. Ichi ayi. Cha kumunsi, utali ngati wa chikhatho, munali motuwa mwa bulauni, mokhakhala. Nditalowetsa waya wofewa, ndinamva ukukanda ngati ukuyenda pa mchenga.

Imeneyo ndi beerstone, mwala wa calcium oxalate. Oxalate amachokera ku chimera, calcium ku madzi, ndipo zikakumana zimamatirira pachitsulo limodzi ndi mapuloteni. Payokha siwononga mowa, koma kukhakhala kwakeko ndi nyumba yabwino ya tizilombo. Ndipo siichoka ndi mankhwala amodzi. Ndinayamba ndi PBW, ufa wotsukira ziwiya za mowa, magalamu pafupifupi 6 pa lita, m'madzi otentha madigiri 55, kuti adye mbali ya mapuloteni. Ma post, ma poppet ndi ma dip tube onse awiri (yaitali ya mowa ndi yaifupi ya gasi) ndinaziviika m'kandowa kapadera usiku wonse, kegiyo nditaidzaza theka, kenako n'kuizondotsa kuti kumtunda kuviikidwenso. M'mawa bulashi yaitali ija inalowa ndi kutuluka maulendo osawerengeka. Nditatsukuluza bwino lomwe, ndinaviikanso chubucho mu asidi wa phosphoric kuti asungunule mwala wotsalawo. Tsiku lachitatu ndi pamene chinawala kuchokera uku mpaka uko.

Pali anzanga ena amene akanati ndithire klorini nkhani ithe. Musatero pa chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chimenechi chimatetezedwa ndi kakhungu kopyapyala ka chromium oxide, ndipo klorini akakhalitsa amaboola kakhunguko n'kusiya timaenje tosaoneka bwino, momwe litsiro lidzabisalamo mpaka kalekale. Akatsalanso pang'ono amapatsa mowa fungo la mankhwala a m'chipatala. Chimodzimodzi waya wokwechera mapoto: amakanda, ndiponso amasiya tizidutswa ta chitsulo wamba timene timadzachita dzimbiri. Siponji yofewa ikwanira. Ndipo valani magolovesi, PBW wotentha amauma khungu mpaka kusweka.

Timphira tonse tisanu ndinasintha: ka pachivindikiro, tiwiri ta ma post, tiwiri ta ma dip tube. Pano ndiyamikeko munthu amene ndimagulako zipangizo pa intaneti. Ndi wogulitsa wamng'ono, koma ukamufunsa za post amayamba wakufunsa kuti kegi yako inapangidwa ndi kampani iti, chifukwa mazinga ake safanana onse, ndipo poppet ya mtundu wina ikhoza kulowa koma osatseka. Zimenezi ndinaziphunzira kwa iye pamene ndinkaukitsa makegi anga atatuwa. Onse ndi akale, a Cornelius, malita 19, a m'nthawi imene makampani a zakumwa zoziziritsa kukhosi ankawagwiritsa ntchito, a zolumikizira za mtundu wa ball lock ku Pepsi, a pin lock ku Coca-Cola. Anga ndi a ball lock. Atangofika, mphira zake zinkanunkhabe zotsekemera za zaka zambiri zapitazo, ndipo fungo likalowa m'mphira silituluka ngakhale uwiritse. Kuchokera nthawi imeneyo ndimasunga kathumba ka timphira tatsopano m'bokosi la zida, ndi kachubu ka mafuta opaka mphira, aja ovomerezeka kukhudza zakudya.

Kegi inabwerera mufiriji ikunyezimira. Ndinathiramo amber ale ndili ndi chikhulupiriro chonse. Tsiku la 19 kafungo ka batala kanabwereranso.

Usiku umenewo ndinakwiya kwambiri. Ndinaganiza kuti mwina pali mng'alu m'malo owotcherera, pansi pomwe diso silifika, ndipo ndinatsala pang'ono kuichotsa kegiyo pa ntchito. Chimene chinandibweza n'chakuti ndinali ndikungoganizira, umboni ndinalibe. Ndiye ndinati tizilomboti tidziulule tokha. Ndinaphika wort (madzi a chimera opanda yisiti) wopepuka, magalamu 100 a ufa wa chimera pa lita, kwa mphindi 15, n'kuthira m'timabotolo tisanu ndi kamodzi timene ndinatiwiritsanso. Nditatsuka kegi ndi kuipha tizilombo monga mwa masiku onse, ndinayamba kugawa. Koyamba sindinaikemo kanthu, kuti kakhale koyerekezera. Kachiwiri poppet. Kachitatu wort amene ndinamudutsitsa mu dip tube. Kachinayi valavu yotulutsira gasi ya pachivindikiro. Kachisanu kachidutswa ka paipi ya mowa, komwe ndinadula kumapeto. Kachisanu ndi chimodzi kanatsala, ndipo ndinaima pakhomo la firiji kufunafuna choti ndiikemo.

Maso anga anagwera pa disconnect yotuwa ya gasi, cholumikizira paipi ku post, ikulendewera pakona. Chiyambire sindinaitsegulepo. Ndikanaitseguliranji? Mumadutsa gasi wouma basi. Ndinatenga sikuludiraiva yaphwatalala, n'kupotokola kachivindikiro ka pamwamba pake. Kanatuluka ndi ulusi wamatamata wa bulauni. Kapini ka mkati ndi sipuling'i yake zinali zitakutidwa ndi phala lakuda, m'mphepete muli timadontho toyera ta chuku, ndipo fungo lake linali lomwe lija ndakhala ndikulimva m'kapu kwa miyezi inayi. Nditawalitsa tochi kuseri kwa paipi ya gasi, ndinaona mzere wa bulauni ukukwera mkati mwake pafupifupi theka la mita.

Kapiniko kanalowa m'botolo lomaliza. Timabotolo tonse ndinatisiya pamalo ofunda, zivindikiro zosamanga kwambiri kuti gasi azituluka. Patapita masiku awiri, kachisanu ndi chimodzi kanali mbuu. Tsiku lachinayi kanali ndi kakhungu pamwamba ndipo kankawawasa. Ka paipi ya mowa kanachita mbuu pang'ono tsiku lachisanu, zomwe sizinandidabwitse poti munadutsa mowa wodwala maulendo atatu. Tinayi totsalato tinakhala toyera mlungu wonse. Kegi inali itayera kalekale.

Ndikudziwa tsiku lenileni limene tizilomboti tinalowa. Inali stout, mowa wakuda, ya chaka chatha. Kegi ndinaidzaza kupitirira muyeso, mowa n'kufika pa dip tube yaifupi ya gasi. Pofulumira ndinaipatsa gasi wa mphamvu ya 30 psi kwa tsiku ndi theka, kenako ndinatsitsa regulator, chosinthira mphamvu ya gasi, kufika pa 12 psi ndisanatulutse gasi mu kegi. Mphamvu ya mu kegi inaposa ya m'paipi, ndiye mowa unabwerera chakumbuyo. Ndikukumbuka ndikuona thovu lakuda likukwera m'paipi, ndinachotsa disconnect msanga, n'kuipukuta kunja, n'kuiwala. Mowa umenewo unakhala mmenemo miyezi, ukuwola. Ndipo nthawi iliyonse ukatunga kapu, gasi watsopano amalowa mu kegi kudzera momwemo, atanyamula timadontho. Ndinkatsuka kegi masiku atatu, kenako n'kuilumikiza ndi manja anga ku gwero la matenda.

Nanga n'chifukwa chiyani inali kegi yachiwiri yokha? Ndi yaifupiko pang'ono kuposa zinzake, ndiye ndi yokhayo imene imakwana pakona yakumbuyo, pansi pa kafani. Paipi ya gasi ya pakona imeneyo ndi yaifupi, sifika kwina. Kegiyo ndi paipiyo sizinasiyanepo.

Paipi ya gasi ndinaitaya, ya mowanso. Disconnect yatsopano, ndi check valve pa mzere uliwonse wa gasi kuti madzi asadzabwererenso. Manifold, chogawira gasi ku makegi, ndinaimasula, kuitsuka, n'kuiumitsa masiku awiri ndisanaibwezere. Mwamwayi regulator inali youma.

Katsukidwe kanga tsopano kasintha, ngakhale kuti sikatalika kwambiri. Kegi ikangotha ndimaitsukuluza tsiku lomwelo, nsenga zisanaume, chifukwa zikauma ntchito imachuluka kawiri. Ma post amamasulidwa ulendo uliwonse, ndipo ndimawaika m'makapu awiri osiyana, poti ya gasi ndi ya mowa zimafanana maonekedwe koma ukazisinthanitsa disconnect imakakamira. Ya gasi ili ndi timipata m'munsi mwake. Ma disconnect onse awiri, yakuda ndi yotuwa, amatsegulidwa n'kulowa mu PBW limodzi ndi zinazo. Ndikatsukuluza ndi kumanga, ndimadzaza kegi mpaka pakamwa ndi Star San, mamililita 30 pa malita 19, n'kudikira mphindi ziwiri, kenako n'kumukankha ndi CO2 kudzera ku post ya mowa kupita mu kegi ina. Mwanjira imeneyi mankhwala amadutsa mu dip tube ndi poppet, ndipo kegi imatsala yodzaza gasi, yopanda okosijeni. Thovu lotsalalo sindilitsukuluza, madzi a pampopi angabweretse zomwe wangochotsa kumene. Mankhwalawo ndimawasungunula m'madzi osefedwa kuti asachite mbuu msanga, ndipo ndimayeza ukali wa asidi wake (pH) ndisanawagwiritsenso ntchito. Ikapitirira 3 ndimasakaniza ena. Podzaza mowa ndimaika kegi pa sikelo, ndipo ndimaima isanafike pa chubu chaifupi chija.

Chimene chikundisowetsa mtendere pano ndi mipopi yotungira mowa. Ngati m'mbali ya gasi munabisala zoterezi, sindikudziwa chimene ndikachipeze kuseri kwa zogwirira zake, komwe kumakumana mowa ndi mpweya. Ndikufuna kuimasula yonse itatu mlungu uno, ndiyesenso ndi timabotolo. Ndayambanso kujambula makina otsukira: pampu yomira m'ndowa, paipi yoimirira yokhala ndi mutu wopopera pamwamba, nthambi ziwiri zopita ku ma post, kegi itazondoka pamwamba pake. Koma ndikuganiza zopanga ya makegi anayi nthawi imodzi, yokhala ndi chotenthetsera madzi ndi wotchi yozimitsa yokha, ngakhale kuti kegi yachinayi sindinaigule. Ndipo ndikapeza maikulosikopu yofika 400x, botolo lachisanu ndi chimodzi lija ndalisunga mufiriji ina, lomata bwino, kutali ndi mowa. Ndikufuna ndione ndi maso anga ngati alidi timipira togwirana tinayitinayi, monga amakhalira Pediococcus.