Pulani ya zaka 20 ya yunivesite ya zaulimi iyambire pa munda woyeserera

Aliyense wolemba pulani ya nthawi yayitali ya yunivesite ngati LUANAR ku Bunda kapena MUST ku Ndata safunika kusakasaka mavuto oti alimbane nawo. Ntchemberezandonda zidalowa m'minda ya chimanga m'nyengo ya 2016/17. Namondwe Idai adabwera mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, kenako Freddy mu Malichi 2023. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño idawotcha mbewu mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine nayo idakweza mtengo wa feteleza. Zonsezi gwero lake lili kutali, koma mayankho ake ayenera kuyesedwa m'dothi lathu lomweli.

Chimene chimavuta kwambiri ndi nthawi. Ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kumabungwe akunja, ndipo pulojekiti imatha pa zaka 3 mpaka 5. Wophunzira wa digiri yachiwiri amakhala ndi mvula imodzi kapena ziwiri basi. Chonde sichibwerera msanga chotero. Mukaphatikiza chimanga ndi mitengo ya gliricidia kapena nandolo, kapena kulima pansi pa msangu, kusintha kwa kaboni m'nthaka, amene ndi chizindikiro cha chonde, kumaoneka bwino patadutsa zaka zambiri, ndipo ng'amba ya chaka chimodzi imatha kusokoneza zotsatira zonse. Ku Rothamsted ku England kuli munda wa tirigu umene akhala akuyeserapo feteleza ndi manyowa kuyambira 1843, ndipo dothi lomwe adasunga kalelo likuyankhabe mafunso atsopano lero.

N'chifukwa chake pulaniyo ipatule munda umene sudzasinthidwa ntchito, wolipiridwa ndi thumba la yunivesite yeniyeniyo. Njira iliyonse yoyesedwa ibwerezedwe m'mapoloti anayi osankhidwa mwamaere. M'makona muikidwe zikhomo za simenti ndipo malo ake alembedwe ndi GPS (chipangizo chodziwira malo enieni pamapu), chifukwa zikhomo zamitengo chiswe chimadya, ndipo thalakitala ikadutsa malire amasowa. Dothi litengedwe pa kuya kwa masentimita 0 mpaka 20 ndi 20 mpaka 40, nyengo yomweyomweyo mvula isanagwe. Lina liumitsidwe pamthunzi, lisefedwe ndi sefa ya mamilimita 2, lisungidwe m'mabotolo olembedwa tsiku ndi nambala ya poloti. Choyezera mvula chiwerengedwe ola limodzimodzi m'mawa uliwonse, ngakhale pa Khirisimasi, pakuti ndi nyengo ya mvula ndipo ophunzira ali kwawo.

Zowononga ntchitoyi nthawi zambiri n'zazing'ono. Ziwerengero zimatsalira mu laputopu ya wophunzira amene wamaliza n'kupita. Wothandiza mu labu, amene amadziwa poloti iliyonse pamtima, kontilakiti yake imatha limodzi ndi pulojekiti. Mankhwala a mu labu amagulidwa ndi madola, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti iliyonse yolembedwa m'makwacha idaperewera tsiku lomwelo. Magetsi akazima usiku, zosungidwa mu firiji zimawonongeka. Sola ndi mabatire a chipinda cha firijicho zikhale patsogolo pa nyumba yatsopano ya maofesi.

Munda umodzi sukwanira. Zimene zayenda bwino ku Bunda sizingakoperedwe ku Chikwawa kapena Nsanje, komwe kutentha ndi madzi osefukira n'zosiyaniratu, choncho pakufunika malo ena kuchigwa cha Shire.

Kumbali ya maphunziro, munda womwewu ukhale kalasi ya onse. A zanthaka ayeze dothi, a zachuma awerengere masiku a ganyu amene kudulira gliricidia kumadya, ophunzira ulangizi abweretse alimi adzaone okha n'kunena chimene sangakwanitse kwawo. Mafunso a alimiwo alembedwe m'buku lomwelo la zokolola, kuti gulu la chaka chamawa lidzayambire pamenepo.