Lipoti la ulendo wa amayi a Chigwirizano ku Lusaka

Tinanyamuka pa Mchinji Lachinayi mbandakucha, tili amayi 16, kukabwezera ulendo wa anzathu a mpingo wa ku Matero, mumzinda wa Lusaka, amene anadzatichezera chaka chatha. Pa chipata cha Mwami sitinachedwe. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 mumsewu wa Great East Road, kudutsa Katete, Petauke ndi Nyimba. Pa Katete amayi a tcheya analoza njira ya ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kumene ena a ife timapita ku Kulamba mwezi wa Ogasiti. Mpaka pamenepo tinali kwathu ndithu. Nkhawa inandigwira titawoloka mlatho wa Luangwa: kodi mumzinda wa anthu oposa 2 miliyoni, ife a kumudzi tikafunsa njira m'chilankhulo chanji?

Yankho ndinalipeza tikutsika basi pa Intercity. Anyamata oitanira basi, amene kumeneko amawatcha ngwangwazi, anatizinga. "Amai, muyenda kuti? Nipaseni chola!" Ndinamva zonse. Chinyanja cha mu Lusaka ndi chathu chomwechi, koma chinatolera mawu kwa Ansenga, Abemba ndi ena ambiri. Ife timati "ndikufuna", iwo amati "nifuna". Pa "tsopano" amati "manje", pa "kwambiri" amati "maningi". Usiku woyambawo ena mwa ife ankatsinana ndi kuseka pamene otilandira ankalankhula, ndipo ine sizinandikomere. Anthu amenewa anatisiyira mabedi awo n'kukagona pa balaza. Komanso chilankhulo chomwe tinkachisekacho ndi chimene Mtonga, Mlozi ndi Mmwenye amagwiritsa ntchito akakumana pamsika, m'dziko la mitundu 73. Chimanyamula katundu amene Chichewa chathu cha ku Mchinji sichinasenzepo. Nditanena zimenezi kuchipinda, amayi a tcheya anandivomereza, ndipo kusekako kunathera pompo.

Lachisanu linali la kuona malo. Mayina okha a madera amakuuza kuti anthu a kum'mawa anafika kale mu Lusaka: Kamwala, Mtendere, Kalingalinga, Mandevu. Ngakhale Manda Hill, kumene kuli Nyumba ya Malamulo ndi masitolo onyezimira, ndi manda omwewa timawadziwa. Amayi busa a kumeneko anatifotokozera kuti cha kumeneko ndi kumene kunali mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo atsamunda anasamutsira likulu kuno kuchoka ku Livingstone mu 1935. Tinadutsa mu Cairo Road makosi ali m'mwamba kuyang'ana Findeco House, tinajambulitsa pa Freedom Statue, chipilala cha munthu akudula maunyolo.

Koma pamene panandikhudza ndi pa Chilenje House 394. Ndi kanyumba kakang'ono, kosaposa nyumba ya aphunzitsi ya kwathu kuno, ndipo Kenneth Kaunda anakhalamo ndi banja lake kuyambira 1960 mpaka 1962 akumenyera ufulu umene unadza pa 24 Okutobala 1964. Panja pali Land Rover imene ankayendera. Titamva kuti bambo awo, David Kaunda, anachokera ku Malawi atatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukalalikira ku Chinsali, mayi wina wachikulire m'gulu lathu anati, "Ndiye ndi mwana wathu ameneyu." Otilandira anaseka n'kuyankha kuti, "Iyai amai, ni wathu tonse." Madzulo tinaima pa Embassy Park pomwe Kenneth Kaunda anaikidwa mu 2021, pafupi ndi Mwanawasa, Chiluba ndi Sata.

Za chakudya ndiye ndikhalitsepo. Masana anatitengera ku Thornpark, kumalo odyera amene amawatcha matebeto. Kumeneko ndiwo siziwerengeka: pamsima imodzi anatiyalira timbale tambirimbiri. Zambiri zinali zakwathu, mayina okha ndiwo anali achilendo. Chibwabwa ndi nkhwani, kalembula ndi kholowa, bondwe ndi bonongwe, ifisashi ndi ndiwo zotendera. Kapenta alipo wa mitundu iwiri, wa ku Siavonga pa nyanja ya Kariba ndi wa ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, ndipo otilandira anakangana pamaso pathu kuti wokoma ndi uti. Ine ndinakonda wa ku Mpulungu, ngakhale usipa wa ku Salima sindingausinthe ndi kanthu. Chikanda, chomwe ife timati chikande, amachidula mapisi ngati buledi n'kumagulitsa paliponse, chothira tsabola wokwanira. Finkubala, zomwe ndi mphalabungu, ena anazikana, ena anawonjezera. Tinatsitsira ndi munkoyo, chakumwa chonga thobwa koma chofululidwa ndi mizu ya mtengo, chowawasa pang'ono.

Loweruka tinalowa mu Soweto Market. Amene akukonza ulendo wina amve ichi: musalowemo osagwirana. Msungichuma wathu anatsalira pa malo a nyemba, ndipo tinamufuna pafupifupi ola lathunthu mitima ili m'mwamba. Tinamupeza atakhazikidwa pa benchi ndi mayi wogulitsa tomato, yemwe anamuuza kuti asasunthe, anzake abwera manje manje. Ku Kamwala tinagula zitenje m'masitolo a Amwenye, ndipo mwini sitolo ina anatsika nafe mtengo m'Chinyanja chosalala. Ndalama yawo ndi kwacha ngati yathu, koma yawo ndi yamphamvu, choncho aliyense ankawerengera kawiri asanatulutse.

Chimene tinalakwitsa n'chakuti tinathera nthawi yambiri m'masitolo akuluakulu, moti pa Kabwata Cultural Village tinafika dzuwa litapendeka. Kumeneko kuli nyumba zozungulira zofolera udzu zimene atsamunda anamangira antchito achikuda, ndipo lero osema ziboliboli, ng'oma ndi oluka madengu ochokera m'zigawo zosiyanasiyana amagwirira ntchito momwemo. Panafunika theka la tsiku. Lusaka National Museum tinangoiona kunja.

Lamulungu tinaimba limodzi m'tchalitchi. Nyimbo zambiri zinali zomwezo timaimba kwathu, ndipo m'buku la nyimbo mulibe "nifuna" kapena "manje": muli Chichewa chenicheni cha agogo athu. Titatuluka, gogo wina amene makolo ake anachokera ku Dowa anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndingolankhula chilichonse, amve mmene amayi ake ankalankhulira. Ndinamuuza za mvula ya chaka chino ndi za mtedza wathu. Sanandisiye dzanja mpaka basi inaliza hutala.

Tinabwerako Lolemba usiku tonse 16 tili bwino. Anzathu a ku Matero apempha kuti akadzabwera tidzawaphunzitse kuphika chigumu ndi futali, ndipo iwo adzabweretsa mizu ya munkoyo.