Andidula malipiro chifukwa cha thovu la IPA

Mwezi uno malipiro anga abwera operewera, ndipo chifukwa chimene chalembedwa papepala ndi shoti, kutanthauza kuperewera powerenga sitoko, ya mowa wa pa mpopi. Ndikulembera inu anzanga amene mumaima kuseri kwa kauntala m'malesitilanti a ku Borrowdale, Avondale ndi madera ena a kumpoto kwa Harare kuno, kumene mowa wofululidwa ndi timakampani ting'onoting'ono wayamba kulowa. Mowa umenewu sasunga ngati Castle kapena Zambezi. Bwana wanu akausunga choncho, amene adzalipire ndinu.

Za Lolemba mukuzidziwa kale. Kuwerenga sitoko, kubweza makireti, kusintha silinda ya gasi, kukangana ndi a kukhitchini pa nkhani ya ayisi. Ndinakumbutsanso amanijala kuti mankhwala otsukira mapaipi a mowa anatha kalekale. Mapaipi amafunika kutsukidwa pa masiku 14 alionse, koma athu anali atapitirira mwezi akungodutsitsidwa madzi. Yankho linali lomwe lija: tiona sabata ya mawa.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera mnyamata wofulula mowa ndi makegi awiri, migolo yachitsulo yosungiramo mowa, a malita 30 iliyonse. Anali Double IPA, mtundu waukali wa mowa wowawa wotchedwa India Pale Ale, ya 8 peresenti, yoti tigulitse mkati mwa sabata komanso tidzagwiritse ntchito Lachisanu usiku, pa mwambo wolawa mowa umene abwana anali atalengeza kale pa Facebook n'kugulitsa matikiti. Mnyamatayu amaukonda mowa wake. Sanafune kuti ndiulawe kudzera m'mapaipi athu, analumikiza kapaipi kake kakafupi pa kegi ikadali yozizira n'kunditungira theka la tambula.

Ndagwira ntchito ya pa bala zaka zambiri, koma mowa wotere ndinali ndisanaugwirepo ukadali wamoyo chonchi. Mtundu wake unali wachikasu chopita ku olenji, wamtambo pang'ono chifukwa sunasefedwe, thovu loyera lolimba lomata m'mbali mwa tambula. Fungo linandipeza tambula isanafike kukamwa: mango akupsa, manyumwa ongosenda kumene, kenako pansi pake kafungo ka utomoni wa paini. Mulibe chipatso ngakhale chimodzi mmenemo, zonsezo ndi hops, maluwa a chomera amene amathira mumowa kuti uwawe ndi kununkhira. Pakamwa umayamba ndi kutsekemera kwa chimera cha balere, kwa kanthawi kochepa chabe, kenako kuwawa kumabwera kuchokera kumbuyo kwa lilime n'kukhazikika. Si kuwawasa kwa mowa wosasa ayi, ndi kuwawa koyera kouma, kokuchititsa kufuna kumwanso. Ukali wa 8 peresentiwo sumveka msanga, umangomva kutentha pang'ono pachifuwa utameza. Pamenepa ndiye pali ngozi, chifukwa tambula ya 500 ml ya mowa uwu imaposa imodzi ndi theka ya mowa wa 5 peresenti, koma kasitomala amaugugudiza mofanana. Ndinapempha kuti tiziugulitsa m'matambula a 300 ml. Anandimvera pa za Lachisanu zokha.

Ndinawapatsako madala athu a kukhitchini, kwawo ku Ntcheu, amene anabwera kuno dzikoli likadali Rhodesia. Analawa, n'kukwinya nkhope, n'kunena kuti: "Mwana wanga, uwu ndi mowa kapena kwinini wa malungo?" Iwo ndi a Chibuku, ndipo akamakumbuka kumudzi amatchula masese ndi Green basi. Koma tambula sanabweze. Anaimaliza.

Mnyamata wofululayo anandifotokozera kuti anagwiritsa ntchito Citra ndi Mosaic, mitundu ya hops ya ku America, ndi Southern Passion pang'ono wa ku South Africa. Ena amawaponya mumphika chimera chikuwira, amenewo ndi opereka kuwawa. Ambiri amawathira mowa utazizira kale, ukumaliza kupsa, kuti mafuta ake onunkhira asathawe ndi nthunzi. Hops amenewa salimidwa kuno. Amafuna masiku aatali a chilimwe cha kutali ndi ikweta, n'chifukwa chake amachokera ku chigwa cha Yakima ku America kapena ku George ku Western Cape, ndipo amagulidwa ndi madola a America. Ndalama yaikulu ya mowa umenewu ili m'fungo. Pochoka anandiuza mawu amodzi okha: usatenthe. Makegi onse akhale pa madigiri 3 kapena 4.

Kegi yoyamba inalowa m'chipinda chozizira. Yachiwiri inakanika malo, chifukwa nyama ya kumapeto kwa sabata inali itadzaza mashelefu mpaka pansi. Ndinati tisunthe makatoni a zakumwa zoziziritsa kukhosi, zimene sizingafe ndi kutentha, kegi ilowe. Amanijala anakana, ati zakumwazo zimayenda msanga. Kegi inakaikidwa kuseri, pansi pa kashedi ka malata, pamodzi ndi makireti opanda kanthu. Mwezi wa Okutobala, Harare akuotcha, jakaranda ali mbuu m'misewu, malata osagwirika masana.

Nditadandaula, anandiyankha ndi mbiri. Ati iwo anawerenga kuti IPA anaipangira ulendo wa pa sitima ya pamadzi kuchoka ku England kupita ku India, miyezi ingapo m'migolo popanda firiji, ndiye masiku ochepa a pashedi angaitani? Nkhaniyo ili ndi choonadi chake. M'zaka za m'ma 1800 ofulula a ku London ndi ku Burton upon Trent ankatumizadi mowa wa hops wambiri ku India, ndipo hops amathandizadi kuti mowa usasase msanga. Koma mowa umenewo unkamwedwa utakhalitsa, palibe amene ankayembekezera kumvamo fungo la mango. IPA ya masiku ano ndi ya ku America. Inayamba kusintha hops wa mtundu wa Cascade atatulutsidwa mu 1972, ndipo Citra ndi wa mu 2008, Mosaic wa mu 2012. Chimene kasitomala akulipirira pa mowa wotere ndi mafuta aja onunkhira, ndipo amenewo ndi oyamba kutha mowa ukatenthedwa kapena ukakumana ndi mpweya. Kuwawa kumatsala, fungo limapita. Kuwonjezera apo wathuwu sunaphikidwenso kuti tizilombo tife monga amachitira makampani aakulu. Ndinayesa kufotokoza zonsezi. Anandiyang'ana ngati ndikudziyesa mphunzitsi.

Lachiwiri mpaka Lachinayi magetsi ankazima m'bandakucha n'kubwera usiku anthu atagona. Jenereta tili nayo, koma dizilo amamuwerengera madontho. Lamulo linatuluka loti masana iziyendetsa khitchini, tilu, intaneti ndi mafani a makasitomala, chipinda chozizira chizidikira madzulo, bola chitseko chisamatsegulidwe pafupipafupi. Chitseko chimene ophika amalowapo mphindi iliyonse! Komabe kegi yoyamba inayenda bwino ndithu. Anthu anaukonda, ena anabwereranso ndi anzawo, ndipo pofika Lachinayi usiku inali itatha. Bambo mmodzi anamwa matambula aakulu motsatizana ngati Lion, poimirira miyendo n'kumukana, tinachita kumuitanira galimoto. Zina zonse zinali za masiku onse.

Tsopano Lachisanu. Kegi ya pashedi ija anailowetsa m'chipinda chozizira cha m'ma 12 koloko masana, nditachita kuumirira. Aliyense amene anagwirapo kegi akudziwa kuti malita 30 otentha amafuna pafupifupi maola 24 kuti azizire mpaka pakati. Ife tinali ndi maola ochepa, m'chipinda chimene nachonso chinali chofunda. Pofika 6 koloko chitsulo chinali chozizira kunja kokha.

Nditatsegula mpopi munatuluka thovu lokhalokha. Mowa wotentha sugwira gasi wake, amathawa mupaipi momwemo usanafike n'komwe mutambula. Tambula yoyamba thovu, yachiwiri thovu, ndowa ya pansi pa kauntala n'kuyamba kudzaza. Amanijala anabwera n'kuyamba kupotokola geji ya gasi uku ndi uku, kukweza, kutsitsa, zinthu n'kumangoipiraipira. Alendo anali atakhala kale m'matebulo, mapepala olembapo maganizo awo ali m'manja. Ndinapereka nzeru ziwiri: tiwauze zoona n'kuyamba ndi mowa wina wa m'mabotolo kegi ili m'chidebe cha ayisi, kapena tisunthe mwambowo. Zonse zinakanidwa. Lamulo linali loti nditungire m'majagi, thovu litsike, kenako ndizithira m'matambula kuchokera m'jagimo.

Anzanga, mukudziwa chimene jagi imachita. Gasi yense amatha, mowa umamenyedwa ndi mpweya kawiri, ndipo kafungo kamene kanatsala kamathera m'mwamba. Ndinalawa tisanapereke. Mtundu unali utaderako, thovu losakhalitsa. Mango aja kunalibe, kunangotsala kafungo ka khungu la lalanje lofota ndi ka katoni yonyowa. Pakamwa unali wofunda, wolemera, wotsekemera monyansa, kuwawa kwake kokanda pakhosi popanda chipatso chokuphimba, ukali wa mowa uli poyera. Kumapeto kunkamveka kabatala, kamafuta, kamene si ka wofulula koma ka mapaipi athu osatsuka aja, poti kegi yoyamba inali ndi fungo lamphamvu lokabisa. Unali mowa womwewo wa Lolemba, wofululidwa tsiku limodzi, mumphika umodzi.

Tinapereka. Ambiri sanadziwe kusiyana, anangoti IPA ndi yowawa basi, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo sadzaigulanso moyo wawo wonse. Koma panali mayi wina wodziwa mowa. Ananunkhiza kawiri, osamwa, n'kubwera pa kauntala kudzandifunsa mwaulemu tsiku limene kegi inadzazidwa. Nditamuuza kuti ndi ya masabata awiri okha, anangoti ndiye kuti yagona potentha. Mnyamata wofulula uja analiponso, atavala malaya olembedwa dzina la kampani yake, atakonzeka kulankhula za Citra ndi Mosaic. Analawa kamodzi n'kuika tambula pansi. Sanakalipe. Anangopita kukagwira kegi ndi dzanja, n'kutuluka kukaona shedi ija.

Chimene chinandipsetsa mtima chinabwera pambuyo pake. Tebulo lina litayamba kung'ung'udza, amanijala anaimirira n'kupepesa kwa alendo onse, kuti mutikhululukire, woperekera mowa wathu sanazolowere mowa wa mtundu uwu, tikumuphunzitsabe. Ine ndili pomwepo, jagi ili m'manja. Ine amene ndinapempha mankhwala a mapaipi, ndinapempha malo a kegi, ndinapempha dizilo wa chipinda chozizira. Anthu anatembenuka kundiyang'ana, ena mwachisoni, ndipo chisonicho ndi chimene chinandiwawa kwambiri. Ndinamaliza shifiti osayankha kanthu chifukwa pamaso pa makasitomala sitikangana, koma manja ankanjenjemera potsuka matambula.

Loweruka kunali mpira pa TV, mabotolo a Castle ndi Zambezi akuyenda, palibe wofunsa za hops. Linali tsiku lopepuka.

Lamulungu powerenga sitoko ndi pamene anatulutsa masamu awo. Kegi ya malita 30 ndi matambula 100 a 300 ml, tilu ikuonetsa ochepera pamenepo kwambiri, ndiye otsalawo ali kuti? Ali mu ndowa ya thovu ija, ndipo anaiona ndi maso awo ikutayidwa. Ngakhale kegi yabwinobwino siperekapo matambula onse a papepala, pamakhala otsala mupaipi ndi pansi. Koma papepala analemba shoti, n'kuigawa pakati pa ine ndi kamnyamata kondithandiza ka ku Mufakose, kamene ntchito yake usiku umenewo inali kunyamula majagi basi. Gawo lake ndinawauza kuti aliike pa ine.

Madala a kukhitchini anandikokera pambali. "Mwana wanga, usalimbane nawo. Ife kuno ndife obwera, ntchito ndi yosowa." Ndinawayankha kuti: "Ndamva, bambo, koma ndikangokhala chete mwezi wamawa andidulanso." Ndimawalemekeza, anapirira zambiri kuposa ine m'makhitchini a mumzinda uno, koma pamenepa sitikugwirizana.

Ndagula kachipangizo koyezera kuzizira ndi ndalama yanga, ndi kabuku ka sukulu. M'mawa ndi madzulo ndikulemba madigiri a m'chipinda chozizira, nthawi imene magetsi azima, nthawi imene jenereta yayatsidwa, ndi tsiku limene mapaipi atsukidwa. Thovu lililonse lotayidwa ndikuliyeza m'jagi ya malita n'kulemba, wophika wamkulu n'kusainira ngati mboni. Kegi ikafika n'kusowa malo ozizira, sindikusainira kuti ndailandira. Mnyamata wofulula uja wandiimbira foni kuti akudziwa kuti vuto silinali ine, ndipo wauza abwana kuti kegi ina abweretsa pokhapokha adzionere yekha malo ake m'chipinda chozizira ndi mapaipi otsukidwa. Akuyenera kubwera Lachiwiri. Mankhwala otsukira mapaipi mpaka lero sanagulidwe.