Amayi anavotera nyali mu 1993, koma ulendo uno sanavote

Pa 16 Sepitembala 2025 ndinadzuka kukadali mdima kukaima pamzere pasukulu yapafupi ndi kwathu kuno ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu. Amayi ndinawasiya pakhonde atafunda chitenje, lichero la nyemba lili pamiyendo. Nditabwerako dzuwa litakwera, anandigwira dzanja, n'kuyang'anitsitsa inki ija pachala changa, kenako n'kubwerera ku nyemba zawo. Sanandifunse kuti ndavotera ndani. Miyezi yapita koma kugwira dzanja kumene kuja kukundivutabe mumtima, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Amayi angawa si munthu wonyozera chisankho. Pa 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu, anayenda wapansi kuchoka kumudzi kwathu ku Ntcheu, mng'ono wanga ali kumsana, kukasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Nkhaniyi atiuza kambirimbiri moti ana anga amaitha pamtima. Amawonjezera kuti masiku amenewo ukafika pachipata cha msika anyamata a chipani ankafunsa khadi, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake. Kuyambira 1994 sanadumphepo chisankho. Ngakhale chobwereza cha pa 23 Juni 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, anakavota.

Chinawalepheretsa ulendo uno ndi chitupa cha unzika. Lamulo la zisankho limene lilipo tsopano likuti wolembetsa m'kaundula wa ovota aonetse chitupa chimenechi. Kale kalata ya amfumu inkakwanira. Chawo chinatayika kumaliro a achimwene awo kumudzi, pamodzi ndi kachikwama kamene munali ndalama ya basi. Tinapita ku ofesi yoona za zitupa katatu. Ulendo woyamba anati netiweki palibe. Wachiwiri tinapeza mzere wafika kumsewu, ndipo amayi miyendo inatupa asanafike pakhomo. Wachitatu anatiuza kuti tibwerenso sabata yamawa. Ulendo uliwonse ndi njinga zamoto ziwiri kupita, ziwiri kubwera, ndiponso tsiku lathunthu mashini yanga ili chete.

Madzulo a ulendo wachitatuwo ndikuwerenga zotsala m'chikwama, amayi anati, "Iwe mwana, ndalama imeneyo gula ufa. Boma lidzasankhidwa ngakhale ine ndisapite."

Ndinati, "Amayi, tiyesenso kamodzi kokha."

Iwo anangoti, "Ndatopa," ndipo ine sindinaumirire. Kunena zoona mumtima ndinapumako, chifukwa ufa unalidi utatha. Chimenechi ndiye chimandichititsa manyazi.

Sindikunena kuti chitupa cha unzika n'chimodzimodzi ndi khadi ya chipani ya nthawi ya Kamuzu. Ndikumvetsa chifukwa chake anachifuna: akufa asavote, munthu asalembetse kawiri. Koma amene analemba lamulolo ali ndi galimoto, ndipo chitupa chawo chikatayika amangoimba foni. Kwa mayi wokalamba wodalira mwana wake telala, lamulo lomwelo limasanduka mtengo wa kabaza. Palibe anawaopseza amayi, palibe anawang'ambira pepala. Voti yawo inangodula, monga inadulira shuga ndi mafuta ophikira, mpaka tinaisiya pa shelefu.

Ine ndimasoka pakhonde la sitolo ina, ndipo zitenje, mazipi ndi laining'i ndimagula ku msika wa Taifa kwa amayi amene amakatenga katundu ku Tanzania kudzera pa Songwe. Choncho za kugwa kwa kwacha sindimazimvera pawailesi, ndimazimva pogula ulusi. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 anaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pafupifupi K1,700 kubanki. Koma kubankiko ndani ankaipeza dolayo? Amayi a ku Taifa amasintha ndalama kwa anyamata a pamalire, ndipo mtengo wa kumeneko ndi umene umafika pamashini yanga. Kasitomala akabwera n'kumuuza mtengo watsopano wa diresi amandiyang'ana ngati ndine wakuba. Ambiri anasiya kusoketsa zatsopano. Ntchito imene inachuluka ndi yozigamba mayunifomu ndi kubweza m'chiuno mathalauza a anthu amene aonda.

Za mafuta sindichulukitsa, nonse munaona mizere ya magalimoto ndi zigubu pa Katoto ndi ku Luwinga, anthu kugona m'galimoto kudikira thanki. Papampu mtengo unkalembedwa K2,530 lita, koma mafutawo ankapezeka m'mabotolo kuseri kwa nyumba pamtengo wowirikiza. Wakabaza amene ankanyamula amayi ankagula a m'botolowo.

Nthawi yokha imene ndinapezako kangachepe ndi ya kampeni. Nsalu zachipani zinagwa ngati mvula: zabuluu za DPP, zofiira za UTM, za MCP za tambala, zachikasu za UDF. Mayi mmodzi anandibweretsera nsalu za zipani zitatu tsiku limodzi, akuti ndimusokere zonse, azivala malinga ndi amene akubwera kubwalo tsiku limenelo. Ndinaseka, koma sindimuweruza. Nsalu yaulere ndi nsalu, ndipo pamsonkhano pena pankagwa kandalama ka sopo. Paja lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, koma kandalama ka sopo kaja sikankalidziwa lamulolo. Chimene ndinkadzifunsa ndikupondaponda mashini n'chakuti: zipani zinapeza malole ofikitsa nsalu mpaka ku Mchengautuba ndi ku Masasa, nanga bwanji panalibe ngakhale chimodzi chotumiza galimoto kunyamula okalamba kukakonza zitupa?

Kunyumba nako moto unabuka. Bambo a ana anga ankati boma lipatsidwenso mpata, akuwerengera misewu yatsopano ya ku Lilongwe, namondwe Freddy ndi nkhondo ya ku Ukraine. Alamu anga, mng'ono wawo, ankati msewu sadya, n'kuwakumbutsa za kudya katatu patsiku, ntchito 1 miliyoni ndi feteleza wa K4,495 zimene analonjeza a Tonse mu 2020. Pagulu la banja la pa WhatsApp zinafika poti wina anachotsa mnzake. Ndege imene inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, ikubwera kuno ku Mzuzu ndi a Saulos Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu, inkalowa m'mkangano uliwonse, ndipo ikangotchulidwa nsima inkazizira m'mbale. Amuna awiriwa anakangana miyezi yonseyi za amene akuba mavoti, za makina a chisankho a kampani ya Smartmatic, za amene akutumidwa ndi ndani. Palibe mmodzi anati, "Mlamu, mawa apongozi ndiwaperekeza ndine."

Ndikamapita kumaliro ku Zolozolo ndimadutsa pamanda a anyamata amene anaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011. M'dziko lonse munafa anthu pafupifupi 20, ndipo Mzuzu ndi umene unalira kwambiri. Ankadandaula chiyani? Kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, zomwezi. Nthawi imeneyo wolamulira anali Bingu wa Mutharika, ndipo dzulo lake anyamata a zikwanje anazungulira mu Blantyre pamagalimoto a chipani cholamula. Mu Juni 2025, boma lili la chipani china, anthu a zikwanje anakhapa a Sylvester Namiwa, womenyera ufulu wa anthu, pa zionetsero ku Lilongwe, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Ine ndasoka nsalu za mitundu yonse, ndipo ndaona kuti chikwanje chimatsata amene ali pampando. Ali kunja onse amalankhula za ufulu mokoma kwambiri.

Sindikufuna kunama kuti voti ilibe ntchito. Khoti litathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha Tipp-Ex, pa 3 Febuluwale 2020, ine ndinavina pamsewu, ndipo lamulo loti wopambana apose theka la mavoti ndimalikonda mpaka lero. A Lazarus Chakwera analowa ndi mavoti, atulukanso ndi mavoti, ndipo anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. A Peter Mutharika anapeza pafupifupi 57 peresenti. Chondiseketsa n'chakuti anansi anga ena amene mu 2019 ankayenda mumsewu kukuwa kuti a Jane Ansah atule pansi udindo ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ndi omwewo anakachonga pepala limene linawapanga mayiwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Ndinamufunsa mmodzi, iye anangondiloza thumba la chimanga lopanda kanthu limene amatchingira bafa. Olembetsa anali pafupifupi 7.2 miliyoni. Amayi sali m'chiwerengero chimenecho, saliponso pa amene analembetsa koma osapita. Paliponse pamene amawerenga, iwo palibe.

Abale awiri aja anayanjana pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo, ndipo tsopano amadandaulira limodzi mtengo watsopano wa mafuta. Zidutswa za nsalu zachipani zimene zinatsala pansi pa tebulo amayi anazitola, akulumikiza pamanja kuti apange chofunda cha adzukulu, buluu pambali pa chofiira, tambala pambali pa chimanga. Sabata yatha mtsikana wina wa kutchalitchi anandiuza kuti anaona dzina la amayi pa mndandanda wa zitupa zimene zafika. Nditawauza anafunsa kuti kabaza ndi zingati masiku ano. Nditatchula mtengo anagwedeza mutu, n'kuti ndidzawatengere tsiku limene ndidzapite ku Taifa kukagula ulusi. Ndawafotokozera kuti chitupa amapereka kwa mwini wake yekha. Ati tiona mwezi ukatha.