Book fair ya kusukulu kwa mwana wanga, mmene ndinayendera

Mnyamata wanga wayamba middle school chaka chino kuno ku America, giredi 6, ndiye tsiku lina wabwera ndi kapepala kokongola ka kampani yogulitsa mabuku ya Scholastic atazunguliza kale mabuku asanu ndi bolopeni. Akuti mami sabata yamawa kuli book fair. Ine kumva fair ndimaganiza ngati Trade Fair ya ku Chichiri ija, kungoyenda kuonerera. Ayi ndithu, ndi msika weniweni. Amabweretsa makabati achitsulo a mateyala mulaibulale ya sukulu, kungowatsegula basi shopu yayamba, sabata yonse.

Choyamba chinali ndalama. Kumupatsa kashi mmanja ndinakana, uyu jekete amataya ndiye 20 dollars angasunge? Pa kapepala kaja panali zoti mutha kutsegula eWallet, kaakaunti ka pa intaneti kosungiramo ndalama za mwana, ndinalowa pa foni, kusaka dzina la sukulu, kulemba dzina la mwana, giredi ndi la aphunzitsi ake, kuikamo ndalama ndi khadi. Iye akafika potuluka amangotchula dzina basi. Linki yake mutha kutumiziranso achibale aponyemo kangachepe, amalume ake anaponyamo 10 dollars nditawakumbutsa kawiri.

Lolemba anangopita kukaona ndi kalasi yake nkulemba zomwe akufuna. Madzulo tinakhala pansi ndi listi ija ndipo apa mpamene panali mkangano. Mabuku onse anali a adventure okhaokha, lina la mwana wotsala yekha mnkhalango ndege itagwa, lina la ana othawa kusefukira kwa madzi, ena awiri a zithunzi aja amati graphic novel. Ine ndimafuna atengeko la sayansi, ndimaona ngati enawa ndi nthabwala chabe. Anayamba kundifotokozera nkhani ya lamnkhalango lija, wafika pomwe mnyamata akuyesa kukoleza moto opanda machesi waima, akuti zinazo mugule kaye. Ndinagonja. Mwana amene ndimachita kumukokera ku buku ngati mbuzi yopita kumsika lero akundinyengerera yekha, ndikanakaniranji.

Pomwe ndinaphonya ndi pa tax. Zaka zonsezi kuno koma ndimaiwalabe kuti mtengo wolembedwa kuseri kwa buku si umene ulipire, msonkho amauonjezera potuluka. Ndinawerengera ndendende, ndiye Lachitatu wabwera nkhope ili gwaa, buku limodzi analibweza chifukwa ndalama inaperewera pang'ono. Komanso nditafufuza mchikwama ndapeza labala looneka ngati pizza ndi bolopeni ya inki yosaoneka. Tinthu timeneti amatiika pafupi ndi polipirira, mwana wazaka 11 sangadutse osatola. Muuzeni asananyamuke kuti mabuku kaye, zidole pambuyo.

Lachinayi madzulo kunali kotsegukira makolo, ndinapita nditaweruka ndili ndi yunifolomu yomwe. Mayi wa mulaibulale anandifotokozera kuti gawo la zomwe zagulidwa limabwerera kusukulu kuti agulire mabuku ena, pambali panalinso timabasiketi ta aphunzitsi momwe aika mabuku omwe akufuna mkalasi, ukafuna umagula limodzi nkusiya pompo. Ndinatenga lobwezedwa lija ndi limodzi la aphunzitsi ake. Usiku umenewo 11 koloko ndadutsa pakhomo la chipinda chake, kuwala kwa tochi kukutuluka pansi pa bulangeti, ndinangoyenda chonyang'ama kukagona.