Mayi Rosa Parks sanatope miyendo ayi

Anzanga, nkhani yoti mayi Rosa Parks, munthu wakuda wa ku America, anakana kunyamuka pampando wa basi chifukwa choti anatopa ndi ntchito imandinyansa ine. Pa 1 Disembala 1955, tsiku lomwe dalaivala wa basi ku Montgomery, Alabama, anawauza kuti asiyire mzungu mpando, mayiwa anali ndi zaka 42 zokha. Inde, ankasoka zovala m'sitolo, koma analinso mlembi wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, mumzindamo kuyambira 1943. Ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita.

Apolisi anawamanga, khothi n'kuwalipiritsa madola 14. Anthu akuda ananyanyala mabasi kwa masiku 381, ambiri akupita kuntchito wapansi, mvula kaya dzuwa. Ine kungoyenda mpaka kumsika ndimayamba kudandaula!

Zomwe anthu satchula kawirikawiri n'zakuti ntchito inawathera mayi Parks, ya amuna awo a Raymond inathanso, mafoni owaopseza osaleka, mpaka mu 1957 anasamukira ku Detroit.

Komanso miyezi 9 izi zisanachitike, Claudette Colvin, mtsikana wa zaka 15, anakananso kunyamuka mu basi mumzinda womwewo, ndipo naye anamangidwa. Ndani wa inu anamumvapo?